Kababu ka Mwendo Waufupi

Waseka ndani? Ndamva ine, makutuwa akalamba koma sanagonthe. Ndiwe wa jekete lofiirawe? Seka ndithu mano onse aoneke, chifukwa ndikamaliza kuyankhula kukamwa kwako kukhala yasaa mpaka ntchentche ziikiremo mazira. Mwati nkhalamba yolima kabichi ndi kachewere pa Biriwiri pano ingadziwenji za magetsi? Ine Ngozo? Ine amene ndinalowa pansi pa nthaka ku Joni abambo anu asanaphunzire kumanga lamba wa kabudula? Thimitsani njinga zanuzo anyamata a kabaza inu, okwera kulibe, dzuwa likadali pamutu. Ndipo iwe wokonza mafoniwe, ika pansi kamakina kako koyezera motoko, umve mmene amisiri enieni amausakira moto ukasochera m'waya. Zimene ndinene pano ndinaziona ndi maso angawa, ndinazigwira ndi manja awa, ndipo ndikathirapo ngakhale kamchere kokha, mphezi indipeze pompano kumwamba kulibe mtambo.

Muyambe mwamudziwa Yotamu. Ena a inu munamuona, mkulu wamtali uja ankakhala kuseri kwa chigayo, woyenda motsimphina, mwendo wakumanzere waufupi. Tinakwera naye sitima imodzi kupita kumigodi tili anyamata, tinagona chipinda chimodzi, tinadyera mbale imodzi, ndipo pa Biriwiri ponse ndi munthu yekhayo amene timatchulana naye kuti iwe ngakhale imvi zili mbuu. Tsiku lina tili pansi, pansi penipeni pamene ukaponda mwamphamvu umamva anthu a kuseri kwa dziko akudandaula kuti wawatayira tiyi, thanthwe linagumuka. Nyale ya pachisoti changa inaphwanyika. Mdima wa mumgodi simuudziwa inu, ndi mdima woti ukhoza kuucheka ndi mpeni n'kuika m'thumba kuti ukaonetse akwanu. Mwala unamuphwanya mwendo Yotamu, koma nyale yake inatsala ikuyaka. Mukudziwa chimene anachita? Anavula chisoti chake n'kundiveka ine, amvekere, "Tsogola iwe wa miyendo iwiri, ine ndigwira lamba wako." Tinakwawa choncho masiku atatu, ine kutsogolo ndi nyale ya mwini, mwini wake pambuyo mumdima akukoka mwendo wothyoka, mpaka tinatulukira kwa anthu. Mwendowo unapola koma unafupika. Chiyambire tsiku limenelo ndinkamuuza kuti nyale yake ija ndidzamubwezera, iye n'kumangoseka.

Zaka zinapita, tinabwerera kumudzi, tinakwatira, tinalima, tinakalamba. Ndiye zaka zapitazi maso a Yotamu anachita ng'ala. Poyamba anasiya kuwerenga Baibulo, kenaka anayamba kupatsa moni zitsa za m'njira n'kumakwiya kuti anthu a masiku ano sayankha, pomaliza anangotsala ndi kusiyanitsa kuti kwacha kapena kwada, basi. Mwana wake wamkazi, Esitere, amene amakhala ku Blantyre, anatumiza mawu kuti Loweruka abwera ndi galimoto kudzawatenga bambo ake akakhale nawo m'tauni, ndipo tonse tinadziwa kuti ulendo wotere munthu wa msinkhu wathu sabwerako ndi miyendo yake. Mtima unandiwawa, sindibisa. Ndiye pa mowa wamasese kwa a Nyoni, aneba anga, chipanda chili m'manja, anthu atadzaza bwalo, ndinaimirira n'kulumbira kuti Yotamu sachoka pa Biriwiri asanaione nyale yake. Ndinati ndimanga mgodi wathu uja wonse patebulo, ndi anthu ake omwe, aliyense nyale pachipumi, ndipo idzawala mpaka kuboola ng'ala. Anthu anaseka monga mwasekeramu. Yotamu anapukusa mutu n'kunena kuti, "Ngozo, pakamwa pakopo padzakuphetsa."

Mukumva? Masiku anali asanu okha. Ndinatenga waya wa mpanda, zigubu za mafuta, nsungwi ndi dongo la kudambo, n'kumanga nsanja ya mgodi ndi gudumu lake pamwamba, chikepe chotsitsira anthu pansi chokokedwa ndi ulusi umene ndinaba pa makina osokera a akazi anga Nagama, njanji za masipoko a njinga, tingolo ta zitini za nsomba, ndipo zonse zinafanana ndi zenizeni moti nkhuku ya kwathu italowetsamo mutu inatuluka ndi kamwala ka golide kukamwa, mpaka lero mazira ake sitikazinga, amathyola chiwaya. Kenaka ndinaumba tianthu khumi ndi tiwiri ta dongo, gulu lathu lonse la nthawi ija, kalikonse ndi chisoti cha chotsekera botolo ndi fosholo ya supuni yothyoka, ndipo ndinatiumba mwaluso moti tisanaume n'komwe kamodzi kanayamba kutsokomola, kena kanandipempha tchuthi kuti kakaone mkazi kumudzi. Ndinakakaniza, ntchito inali isanayambe.

Zinatsala nyale. Lachitatu ndinakwera njinga yanga yakapalasa kupita pa Boma pa Ntcheu, ndipo ndinapalasa mwamphamvu moti chithunzithunzi changa ndinakumana nacho ndikubwerera, chikadali panjira yopita, chili wefuwefu. Kumeneko kuli bambo wina wokonza mawailesi amene amagulitsa timababu tamakonoti, osati mababu akale aja a kaulusi m'kati otentha ngati mbaula, ayi, iti tating'ono ngati njere ya nandolo, tosatentha, ta miyendo iwiri ya waya. Anandipatsa khumi ndi tiwiri n'kuponyapo kamodzi ka basela. Akukulunga m'pepala anayamba kuti, "Madala, koma muonetsetse miyendoyi, chifukwa..." Ndinamudula pomwepo. Ndinati bwanawe, ine ndinavala magetsi pamutu zaka khumi ndi zinayi, ungandiuzenji iwe?

Nditafika kunyumba n'kumasula pepala lija, mtima unangoti myuu. Kababu kalikonse mwendo umodzi wautali, wina waufupi. Tonse! Ndinati kodi anthu a kufakitalewa akumudziwa Yotamu? Akumunena? Pajatu munthu wosaona amaona ndi zala. Ndinaganizira Yotamu akupapasa mphatso yake n'kupeza kamwendo kotsimphina pachisoti chilichonse, n'kumati Ngozo wandiseka pa tsiku lotsanzikana. Ayi, zimenezo pakhomo panga ayi. Ndinatenga sizasi ya Nagama n'kudula miyendo yonse, kuilinganiza bwinobwino ngati mizere ya m'dimba. Ka basela kokha ndi kamene kanapulumuka, chifukwa Nagama anali atakatola n'kukaponya m'chitini chawo cha mabatani.

Lachinayi lonse ndinkalumikiza. Ndinamangirira timababuto mwendo ku mwendo, aka kugwira ako, ako kugwira kena, monga tinkagwirirana malamba mumgodi, waya n'kumudutsitsa pansi pa njanji kukafika ku mabatire awiri, amene ife akale timati miyala, ndipo swichi ndinapanga ya pini ya thewera, yoti ukangoitseka moto udutse. Lachisanu m'mawa ndinasamba, ndinavala malaya oyera, ndinaitana Nagama kuti adzaone mtundu wa mwamuna amene anakwatiwa naye, n'kutseka pini ija. Zii. Ndinatsegula n'kutsekanso. Zii. Tianthu tanga tili duu, ngakhale kuphethira kokha. Nagama anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, ine ndinati mayi, za magetsi si za singano, pitani kumakina kwanu. Anapita.

Tsono apa ndi pofunika kutchera khutu, makamaka iwe wa mafoni. Nyale ikakana kuyaka, mmisiri sayamba ndi kulira, amayamba ndi miyala. Kamakina kakoko kamangokuuza nambala, pamene lilime langa limandiuza zonse: ndikagunditsa waya kutako kwa mwala n'kunyambita kumutu kwake, ndimadziwa ngati unapangidwa Lolemba kapena Lachisanu, ngati woupangayo anali atakangana ndi mkazi wake m'mawa umenewo, ndiponso kuti watsala ndi mipira ingati ya pawailesi usanafe. Ndinanyambita yanga iwiri ija, inali yofooka pang'ono, ndiye ndinaiyanika padenga la malata, ndinailumaluma m'mbali monga timachitira, koma zii. Ndinati moto wachepa, amuna khumi ndi awiri sangakhute miyala iwiri. Ndinayenda khomo ndi khomo kubwereka miyala ya m'mawailesi ndi m'matochi, mudzi wonse unangoti chete, tsiku limenelo pa Biriwiri palibe anamva uthenga wa maliro pawailesi, ndipo chifukwa cha chimenecho palibenso anamwalira. Ndinang'amba nsungwi n'kuyamba kundandalika miyalayo mutu ku tako, mutu ku tako, nsungwi itadzaza ndinalumikiza ina, inatuluka pakhomo, inadutsa m'dimba la kabichi, inawoloka msewu wa tala malole a kachewere ochokera ku Tsangano akuima kuipatsa ulemu, mpaka nsonga yake inakalowa ku Mozambique, pajatu malire ndi apa pokha, ndipo a kutsidyako anabwera kudzafunsa ngati miyalayo ili ndi ziphaso zoyendera. Mukumva? Nditatero ndinagwira waya wa kumapeto n'kumuika palilime. Mayo ine! Imvi zonsezi zinada bii kwa maola awiri, dzino lobowoka limene linandizunza zaka zisanu linadumpha lokha n'kukagwera padenga la chigayo, ndipo nyamakazi ya m'bondo inatulukira kuchala n'kukalowa mwa galu wa a Nyoni, amene akutsimphina mpaka lero, kamuoneni. Moto unalipo, wokwana kuphikira ukwati wonse. Koma timababu tanga zii.

Moto ukakhalapo nyale osayaka, wachiwiri kumukayikira ndi dzimbiri. Dzimbiri ndi mfiti ya waya, limakhala polumikizira n'kumatseka njira mwakachetechete. Ndinamasula mfundo iliyonse, ndinapala ndi mpeni, ndinakwecha ndi mchenga, ndinathira madzi a ndimu, pamene panali pogwedera ndinapanikizapo kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, ndipo mawaya anawala moti amayi opita kuchigayo ankaima pawindo langa kukonza maduku awo. Pini ya thewera ija ndinaichotsa n'kulumikiza waya ku waya, kuti mwina swichi ndi imene ikuchita mwano. Zii. Ndinatsata waya yense ndi lilime kusaka poduka, kuyambira ku Mozambique mpaka patebulo, ndipo lilime linatalika moti ndinachita kulipinda kanayi kuti libwerere m'kamwa. Poduka panalibe.

A Nyoni anafika ndi nzeru zawo. Anati a Ngozo, mwakumba mgodi pakati pa mudzi osawauza makolo, mukuti moto ungalowemo bwanji? Ine ndine munthu wa mpingo, koma pamene wafika pothina suyang'ana kuti chingwe waponyeredwa ndi ndani. Anabwera ndi chipanda cha masese, anagwada pamwendo wa tebulo, anathira pansi akung'ung'udza mawu a Chingoni aja amene ngakhale iwo eni sadziwa tanthauzo lake, ndipo madontho ena anagwera mumgodi. Eee! Tianthu tanga titangolawa tinataya mafosholo, tinayamba kuvina ngoma, kuponda pansi kwamphamvu kuja, di, di, di, tebulo linang'aluka pakati, mbale za Nagama zinagwa pa alumali, ndipo kamene kanapempha tchuthi kaja ndinakagwira pakhomo kakuthawa. Kuvina tianthuto tinavina ndithu, koma tinavina mumdima. A Nyoni anamaliza okha mowa wotsalawo n'kubwerera kwawo.

Munthu wamba akanagonja pamenepo. Ine ndinati ngati moto sukufuna kundiuza kunja kuno, ndikaufunsa konko. Ndinatulutsa mpweya wonse, ndinadzipinda ngati mpango, ndinadzipindanso, mawondo kukhosi, zigongono m'mimba, mpaka ndinachepa ngati chala chachikuluchi, n'kulowa m'chikepe changa chomwe n'kudzitsitsa ndi ulusi. Ukuseka chiyani? Munthu amene anagonapo pa bedi la simenti ku komboni ya kumigodi, amuna makumi awiri chipinda chimodzi, kuchepa amakudziwa. Pansipo ndinapeza anzanga a dongo aja mowa utawathera, akung'ung'udza kuti ntchito ya mumdima sagwira, ine ndinawapepesa n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa waya khutu lili pansi, ndikumva moto ukuyenda m'katimo ngati linthumbu, ndinautsata, ndinakhota nawo panjanji, ndinakwera nawo pamsana pa kamunthu kena, ndipo pachisoti pake ndi pamene ndinaupeza. Moto uli chiimire pakhomo la kababu, chipewa m'manja ngati mlendo waulemu, ukungoti odi, odi, m'nyumbamo osayankha. Pambuyo pake moto wina uli pamzere, wina pambuyo pa unzake, mzere mpaka kumalire, wina wakhala pansi, wina ukusinza. Ndinaupatsa moni n'kuufunsa kuti chavuta n'chiyani. Unandiyankha ndithu, unaloza khomo, unaloza kuseri, unalankhula nthawi yaitali manja ali m'mwamba, koma tsoka ilo, moto umenewu unali wochokera kumiyala ya kutsidya ija, unkalankhula Chipwitikizi chokhachokha. Ine zilankhulo ndimadziwa zisanu ndi zinayi, kuphatikizapo cha ng'ombe, koma chimenecho chinandilambalala. Ndinatuluka wopanda yankho n'kudzifutukula, ndipo msana sunawongokenso bwino chiyambire tsikulo, umboni wake ndi uwu mukuuonawu.

Loweruka kunacha. Anthu anayamba kusonkhana pabwalo panga asanamwe ndi phala lomwe, onse aja a pa mowa kwa a Nyoni, ndi ena amene anabwera kudzaitanitsa miyala yawo. Dzuwa litakwera, galimoto ya Esitere inaima pamsewu, ndipo Yotamu anatulukira atavala jekete lake la kutchalitchi, sutikesi ya malata yomwe anabwera nayo kuchokera ku Joni ili pamutu pa mwana wake, iye akutsimphina pambuyo atagwira nsonga ya chitenje. Ndinamulowetsa m'nyumba n'kumukhazika pampando patsogolo pa tebulo. Anati, "Ngozo, ndabwera kudzatenga nyale yanga." Ndinalumikiza waya. Zii. Panja wina anatsokomola, wina anaseka. Dalaivala analiza hutala. Ana inu, ine thanthwe linandigwerapo, njoka zinandilumapo n'kufa zokha, koma manyazi a tsiku limenelo sindinawaonepo chibadwire. Osati chifukwa cha anthuwo ayi, anthu amaseka n'kuiwala. Koma munthu amene anakwawa mumdima kuti ine ndione njira anali atakhala patsogolo panga, maso ali tong'o osaona kanthu, akudikira, ndipo ine ndinalibe chomupatsa.

Pamenepo makina osokera anasiya kulira kuchipinda. Nagama anatulukira ndi chitini cha mabatani, anachikhuthulira patebulo, anatola kababu ka basela kaja, n'kuchotsa kamwala kozungulira konga batani la malaya m'katochi ka pamakiyi awo. Anakalowetsa pakati pa miyendo iwiri ya kababu. Zii. Anakatembenuza. Ngwee!

"A Ngozo," anatero osakweza mawu, "miyendo ija munaidulirenji? Wautali ndi khomo lolowera moto, waufupi ndi lotulukira. Inu mwaifananitsa, ndiye mwamangirira tina chakutsogolo tina chakumbuyo, moto ulowere pati? Ndimati ndikuuzeni dzulo, munati za magetsi si za singano. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo."

Tsono musathamangire kunena kuti nzeruzo zinali za mayi. Munthu watsamira pilo imodzi ndi ine zaka makumi asanu, mukuganiza kuti nzeru zimene zimadontha m'khutu mwanga ndikagona zimapita kuti? Zinali zanga zomwe, iwo anangondisungira. Ndiponso ndi zomwezo zimene moto unkandiuza m'Chipwitikizi muja, kuti ndikuugogodetsa khomo lotulukira. Hutala inaliranso. Nthawi yomasula timababu khumi ndi tiwiri n'kumayesa kamodzikamodzi panalibe, ndiye ndinazula kamunthu ka dongo kamene ndinaumba m'dzina la Yotamu, ndinachotsa kababu kodulidwa pachisoti chake, n'kumangirirapo ka basela ndi kamwala kake ndi ulusi, miyendo yosiyana ija ili kumsana.

Kuwala kwake! Mukumva? Anali masana dzuwa lili paliwombo, koma dzuwalo linasuzumira pansi kamodzi, linachita manyazi n'kukabisala kuseri kwa phiri, zithunzithunzi za anthu zinasokonezeka n'kuthawira kumene sizinapiteko, malata a denga langa anaonekera ngati galasi, akadzidzi atatu anagwa mumtengo atagwira m'maso, anthu amene anali pabwalo anaonana mafupa ndi zimene aliyense anadya dzulo lake, mpaka a Nyoni anagwidwa kuti ndi amene anadya nkhuku ya mpingo inasowa ija, kachewere wa ku Tsangano anaphuka m'matumba ali palole, ku Kandeu chimanga cha m'mawondo chinakhwima n'kuuma tsiku lomwelo anthu n'kukolola kawiri, ndipo madalaivala pamsewu ankaphethiritsa nyale zawo kundipempha kuti ndichepetseko. Ndipo Yotamu, Yotamu mnzanga, anaimirira ndi mwendo wake waufupi uja n'kufuula kuti, "Ndaona! Ngozo, ndaona!"

Mukuyang'ana chiyani kumbuyo kwanga? Ndi Nagama akuwolokawo, ndi dengu la kabichi pamutu? Asa. Sendera kuno iwe wa jekete lofiira, nonse senderani nditsitse mawu, chifukwa mayi amenewo makutu awo amamva nsabwe ikuyenda m'chitenje cha munthu wina, ndipo sachedwa kuwongola nkhani pagulu.

Chabwino. Dzuwa silinabisale kwenikweni. Za galu wa a Nyoni zokha musatsutse, akutsimphinadi. Koma kuwalako kunali ngati kwa chiphaniphani chimodzi, ndipo masana aja sikunkaoneka n'komwe, moti ndinachita kutenga bulangete n'kufunditsa mitu yathu iwiri pamodzi ndi kamunthuko, nkhalamba ziwiri za imvi m'bulangete limodzi, Esitere ndi Nagama akutiyang'ana. M'menemo munali mdima, fungo la fodya wa Yotamu, ndi kanyale kamodzi basi, monga mmene zinalili pansi paja. Ndipo pamene ankati ndaona, sanafuule ayi, ananong'ona, koma nkhope yake inali italoza kukhomo, kanyale kali mbali inayi. Ndinamugwira chibwano n'kumutembenuza, ndinatenga dzanja lake n'kuika kamunthuko m'chikhatho mwake. Anapapasa chisoti, anapapasa kababu, zala zinatsikira kumsana n'kupeza miyendo iwiri ija, wautali ndi waufupi. Ine ndinati basi, chimene ndinkaopa chija chachitika. Kenaka ndinamva bulangete likugwedezeka, munthu akuseka mpaka kutsokomola.

"Uyu ndine," anatero. "Nanga enawo a miyendo yofanana, ayaka?"

Ndinati sanayake.

"Ndinadziwa," anatero, n'kukaika m'thumba la jekete la pamtima kakuyakabe.

Anakwera nako galimoto choncho. Ine ndinaima pamsewu mpaka inakhota, ndipo misozi inatsika. Wina akakuuzani kuti linali fumbi musamvere, inali misozi.

Ndiye ukufunsa kuti anaonadi? Anati waona. Yotamu ndamudziwa kuyambira tili anyamata, sananamepo, kaya kwa kapitawo wa mumgodi, kaya kwa mkazi wake, kaya kwa abusa. Ngati ananama tsiku limenelo m'bulangete muja, ndiye kuti zaka zonsezi zokhala pafupi ndi ine sizinapite pachabe. Anaphunzira kwa katswiri.